Nyamalikiti wa Bwana Thornicroft

Boma loyamba la Petauke silinali pomwe lili lero. Linali kumunsi, kufupi ndi chigwa cha Luangwa, kumene mtsinje wa Msanzala umathera. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, mmodzi mwa azungu olamulira kumeneko anali Harry Thornicroft. Iye anawombera nyamalikiti, chikopa chake n'kupita ku London. Mu 1911 katswiri wa zinyama Richard Lydekker anaona kuti mawanga ake ndi osiyana ndi a nyamalikiti ena, ndipo anaitcha dzina la Thornicroft.

Nyama imeneyi imapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, ndipo chiwerengero chake ndi mazana ochepa chabe. Zitunda ndi mtunda wautali zinailekanitsa ndi abale ake a ku Tanzania. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2013 anapeza kuti DNA yochokera kwa mayi inali yofanana mwa nyama zonse zimene anayeza.

Woweta ng'ombe aliyense akudziwa tanthauzo lake. Nkhunzi ikamakwera ana ake omwe, mathole amabadwa ofooka. Chifukwa chake n'chakuti chamoyo chimalandira majini awiriawiri, ina kwa bambo, ina kwa mayi. Jini yoipa imabisala ngati inzake ili bwino. Koma pachibale, zoipa ziwiri zimakumana ndipo chilema chimaonekera.

Nthawi zina zimenezi zimayeretsa gulu: nyama zofooka zimafa zisanabereke, ndipo majini oipitsitsa amapita nazo. Koma oipa pang'ono amatsala, n'kumachulukana mwakachetechete.

Palinso china. Pa DNA pamakhala tizizindikiro timene timatsegula kapena kutseka jini osaisintha, zimene akatswiri amazitcha epigenetics. Mu 2012 ofufuza a ku Netherlands anaonetsa pa duwa lina kuti kuberekana pachibale kumasokonezanso tizizindikiro timeneti.

Pamene South Luangwa inakhala paki mu 1972, chitetezo cha nyamalikiti chinalimba. Komabe malire a paki sangabweretse magazi atsopano. Gulu lofanana chonchi likagwidwa ndi matenda amodzi, likhoza kugwa lonse. Ndiye waya uliwonse wotchera m'tchire la kwa Sandwe ukakola nyamalikiti mmodzi, umachotsanso gawo la kusiyana kochepa kumene kwatsala, ndipo kulibe khola lina padziko kumene tingakabwereke nkhunzi.