MUDZI WA GEOCITIES NDI KUPASUKA KWACE

Owerenga athu adziwa bwino cimene cicitika mudzi ukasamuka. Anthu apasula madenga, nanyamula nsici ndi zitseko, koma manda a makolo ndi mitengo ya mango zitsala pabwinja, ndipo mwana akakula akhoza kupita kukaloza pamene anabadwira. Mwezi uno tifuna kukamba mbiri ya mudzi wina waukuru umene unapasuka tsiku limodzi, osasiya ndi bwinja lomwe. Sunali mudzi wa dothi ndi udzu ai. Unali m'kati mwa makina a kompyuta, pa intaneti, ndipo dzina lace linali GeoCities.

Caka ca 1994 amuna awiri a ku California, m'dziko la America, maina ao David Bohnett ndi John Rezner, anayamba kampani yaing'ono yochedwa Beverly Hills Internet. Masiku amenewo intaneti inali cinthu cacilendo kwa anthu wamba, ndipo munthu wofuna kuikapo mau ace kapena zithunzi zace kuti dziko lione anasowa poyambira. Tsono caka ca 1995 awiriwa anayamba kugawa malo kwaulere kwa ali yense wopempha, nasintha dzina la kampani likhale GeoCities.

Nzeru yao yaikuru inali pa kagawidwe ka malowo. Anawagawa monga mudzi waukuru ugawika m'malimana, ndipo limana liri lonse analipatsa dzina la malo ena odziwika. Wokonda maphunziro ndi nzeru za anthu akale anakamanga ku Athens. Wokonda nyimbo zakale za Azungu anapita ku Vienna, wa nkhani za cuma ku WallStreet, wa masewera ku Colosseum, ndipo ana anali ndi kwao, kochedwa EnchantedForest. Limana la Heartland linali la mabanja, la makolo olera ana ndi oweta ziweto, ndipo linakula ndithu. Munthu akasankha limana lace anapatsidwa nambala ya nyumba, kotero kuti anali nao anansi, wa nambala ya patsogolo ndi wa pambuyo, nakhoza kuwazonda. Kampani inacha anthuwo ndi dzina la Cingerezi lonena otsegula mphanje.

Nanga m'nyumbazo anaikamo ciani? Wina analemba mzere wa makolo ace kufikira mibadwo yambiri. Wina anaika cithunzi ca mwana wace amene anamwalira, ndi mau omkumbukira. Wodwala nthenda yosowa analemba za mabvuto ace, napeza anzace a nthenda yomweyo kutsidya la nyanja. Ena analemba za kaphikidwe, ena mapemphero ndi maumboni, ena za garu wao cabe. Pakhomo pa nyumba zambiri panali buku la alendo, limene wodutsa analembamo moni. Anthu ophunzira nchito ya kompyuta anaseka nyumbazo, pakuti zinali za mawanga mawanga, ndi zilembo zothwanima, ndi nyimbo zoyamba zokha mlendo asanapemphe. Koma ife sitiseka nao, popeza nyumba yomanga mwini ndi manja ace, ingakhale yokhota, iri ndi ulemu wace. Analiponso atsogoleri a malimana, monga nyakwawa, amene analandira alendo, naphunzitsa osadziwa, nadzudzula oika zonyansa. Amenewa anagwira nchitoyo osalipidwa.

Pofika mwezi wa Okutobala 1997 otsegula mphanje anakwana 1,000,000. Koma walira mvula walira matope. Nyumba iri yonse inafuna malo m'makina, makinawo anafuna magetsi ndi anchito, ndipo eni cuma amene anathira ndalama zao m'kampanimo anayembekeza phindu. Cifukwa cace kuyambira Meyi 1997 kampani inayamba kupacika zotsatsa malonda pa nyumba za anthu. Mu Juni 1998 inaonjeza cizindikiro cace cimene cinakhala pangondya ya tsamba liri lonse, nicitsata maso a wowerenga pokwera ndi potsika, monga nchenche yosamva kuingitsa. Anthu anadandaula kuti cibisa zolemba zao.

Caka comweco, mwezi wa Ogasiti, kunaturuka mlandu wolemera koposa. Bungwe la boma la America loyang'anira malonda, lochedwa Federal Trade Commission, linanena kuti GeoCities inanyenga anthu ace. Polembetsa, munthu anafunsidwa za maphunziro ace, nchito yace ndi ndalama zimene alandira, nauzidwa kuti izi siziperekedwa kwa wina popanda cilolezo cace. Koma zinafika kwa amalonda, pamodzi ndi za ana zomwe. Umenewu unali mlandu woyamba wa bungwelo pa nkhani ya zinsinsi za anthu pa intaneti. Kampani inabvomera kukonza macitidwe ace, ndipo mwezi womwewo inayamba kugulitsa magawo ace pamsika, gawo limodzi madola 17. Posacedwa mtengo unapyola madola 100.

Pano tiyenera kuima pang'ono ndi kufunsa: kodi ogula magawowo anagula ciani? Makina okha sakadafika mtengo wotere. Anagula nchito ya anthu aja olemba usiku ana atagona, ndi maso a alendo obwera kudzawerenga. Akuru a ku Thyolo ndi ku Mulanje amene anamva kwa makolo ao za thangata adzazindikira kanthu pano. Sitinena kuti nkhanza zace zinalingana, pakuti ku GeoCities kunalibe kapitao kapena cikoti, ndipo wofuna kucoka anacoka. Koma pa cinthu cimodzi zifanana: munthu anamanga pa nthaka ya mwini, nayesa kwao, pamene mwini nthaka anamwerengera monga gawo la zokolola zace.

Mu Januwale 1999 kampani yaikuru ya Yahoo inalengeza kuti igula GeoCities ndi magawo ace a mtengo wa madola 3.57 biliyoni. Nthawi imeneyo, mwa malo onse a pa intaneti, awiri okha ndiwo anaposa GeoCities pa kucuruka kwa alendo, ndiwo AOL ndi Yahoo yomweyo. Mwini watsopano atangolowa, mu Juni, anaturutsa cipangano catsopano, ndipo amene anaciwerenga bwino anapezamo mau opatsa Yahoo mphamvu yakutenga zolemba ndi zithunzi za anthu, ndi kucita nazo monga ifuna, kosatha, osalipira kanthu. Mudzi unatekeseka. Ambiri anafafaniza mawanga a nyumba zao nazisiya zotuwa ngati phulusa, kuonetsa kukwiya kwao, ndipo ena anasamuka. Patapita masiku owerengeka Yahoo inabweza mau aja. Pa mlandu uwu anthu anapambana.

Koma cimene cinapha mudziwo cinadza mwakacetecete, ndipo sicinautse mfuu yotere. Caka comweco Yahoo inaleka kugawa malo m'malimana. Wobwera watsopano sanapatsidwenso nambala ya nyumba ku Athens kapena ku Heartland, koma dzina lace lokha, ali yekha yekha wopanda mnansi. Nchito ya nyakwawa zija nayonso inatha. Kwa owerengera ndalama, malimana anali cidule cabe cosathandiza; koma ndiwo anacititsa kuti malowo akhale mudzi. Atacotsedwa, kunatsala nkhokwe yaikuru yosungiramo masamba.

Caka ca 2000 mitengo ya magawo a makampani a intaneti inagwa koopsa, ndipo ndalama za otsatsa malonda zinacepa. Pomwepo, caka ca 2001, Yahoo inaika malire pa nyumba zaulere. Nyumba ikalandira alendo ambiri pa ora limodzi, citseko cace cinatsekedwa kwa kanthawi, ndipo wofuna kuti cikhale cotsegula anauzidwa alipire mwezi ndi mwezi. Taganizani mudzi umene mfumu yace ilanga munthu cifukwa pakhomo pace pacuruka alendo! Olemba zokoma, amene anakoka anthu, ndiwo anayamba kulangidwa, ndipo ndiwo anayamba kucoka.

Tisanene kuti Yahoo yokha ndiyo inapha GeoCities. Caka ca 2003 kunabadwa MySpace, ndipo 2004 Facebook, kumene munthu sanafunikenso kuphunzira kumanga, koma kungolowa m'nyumba yomangidwa kale, yofanana ndi ya mnzace. Acinyamata anathamangira komweko. Komabe mwini amene analipira cuma conse cija anakhala nao mudziwo zaka khumi, ndipo m'zakazo sanaukonze kuti ulingane ndi nthawi.

Pa 23 Epulo 2009 Yahoo inalengeza kuti idzatseka GeoCities, niuza anthu asamutse zao. Pa 26 Okutobala caka comweco inatsekadi. Kunanenedwa kuti munali masamba 38 miliyoni. Miyezi isanu ndi umodzi ikwanira munthu wamoyo amene wamva mthenga. Koma eni nyumba ambiri anali ataiwala mau otsegulira, ena anasintha keyala kotero kuti kalata sinawapeze, ndipo ena anali atamwalira, nyumba zao ziri cimangire, ndi mau ao momwemo. Amenewa analibe wowasamutsira.

Anaturukira anthu ena odzipereka, a gulu lochedwa Archive Team, lotsogoleredwa ndi Jason Scott, pamodzi ndi bungwe losunga zakale la Internet Archive ndi ena. Iwo anacita monga anansi poona nyumba irikupsa: anatola ciri conse cimene manja ao anafikira, usana ndi usiku, osasankha cokoma kapena cacabe. Caka ca 2010 Archive Team inagawira dziko mtolo wa magigabaiti oposa 600. Zambiri zinapulumuka, koma zosatoledwa zinafafanizika. Nthambi ya ku Japan, imene inali ndi eni ace ena, inakhalabe kufikira caka ca 2019. Ndipo Yahoo mwini, caka ca 2017, nchito zace za pa intaneti zinagulidwa ndi kampani ya Verizon pa madola 4.48 biliyoni, mtengo wosapyola kwambiri uja inalipira pogula GeoCities yokha.

Mtolo wopulumukawo anthu awiri a luso okhala ku Germany, Olia Lialina ndi Dragan Espenschied, anayamba kuufukula tsamba ndi tsamba, naonetsa zithunzi za nyumbazo monga zinalili. M'nyumba zambiri anapeza kacithunzi kamodzi komweko, kamene anthu a masiku aja anakonda kupacika pakhomo: kamunthu kogwira fosholo, kalikukumba, ndi mau ouza mlendo kuti nyumbayi ikali kumangidwa, abwerenso tsiku lina.