Mafizo a odwala TB ya msana

TB ya msana ndi matenda omwe tizilombo ta chifuwa chachikulu timadya mafupa a msana, makamaka chapakati ndi cham'chiuno. Mafupawo akafumbutuka, msana umapindika n'kutuluka linunda, ndipo mafinya akapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana miyendo imafooka, mwinanso kufa kumene. Mafizo ndi masewera olimbitsa thupi omwe achipatala amachititsa wodwala kuti ayambirenso kukhala tsonga, kuima ndi kuyenda.

Matendawa ndi akalekale, moti zizindikiro zake zinapezeka pa mitembo youmikidwa ya ku Egypt. Dokotala wa ku London, Percivall Pott, anawafotokoza mu 1779, n'chifukwa chake amatchedwanso matenda a Pott. Kachilombo kake anakatulukira ndi Robert Koch mu 1882. Mankhwala asanabwere, chithandizo chachikulu chinali kugona: odwala ankawamanga chikhakha n'kuwagoneka miyezi, ena zaka. Ku Leysin, m'dziko la Switzerland, Auguste Rollier ankawaotheretsa dzuwa kuyambira mu 1903. Streptomycin atapezeka mu 1943 zinthu zinayamba kusintha. Kenaka kafukufuku wa bungwe la Medical Research Council la ku Britain, yemwe anachitikira ku Korea, Hong Kong ndi Bulawayo, anaonetsa kuti odwala ambiri amachira akumwa mankhwala uku akuyenda, osamangiriridwa pabedi.

Masiku ano mafizo amayenda limodzi ndi mankhwala a TB, omwe amamwedwa miyezi yosachepera 6, kawirikawiri 9 mpaka 12. Poyamba wodwala amaphunzitsidwa kupuma mozama ndi kutembenuka thupi lonse pamodzi, osapotokola msana. Ululu ukachepa amakhala tsonga atavala lamba wolimba, kenaka n'kuyamba kuima.

Ku Malawi, komwe TB imayenda kwambiri ndi HIV, ambiri sakhulupirira msanga kuti ndi TB chifukwa kawirikawiri wodwala sakhosomola. Amayamba aganiza za ufiti kapena ntchito yakumunda, miyendo n'kumafookerafookera. Malo odziwika a mafizo ndi Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, koma ntchito yaikulu imagwiridwa pakhomo, ndipo apa ndi pomwe magadiyani ayenera kuyamikiridwa. Gadiyani amatembenuza wodwala maola awiri aliwonse, usiku womwe, kuopa zilonda za pamatako ndi pazidendene. Amagwira chidendene ndi dzanja limodzi, lina pansi pa bondo, n'kumapinda ndi kuwongola mwendo pang'onopang'ono kuti mfundo zisaume. Ena amazika mitengo pabwalo n'kumangirira nsungwi ziwiri zofika m'chiuno, wodwala n'kumagwirira mbali zonse poyesa kuponda. Mchenga wa m'kathumba womangidwa pa akakolo umalimbitsa minofu bwinobwino.

Mafizo oyambidwa msanga amathandiza ambiri kuyendanso, ngakhale kuti linunda lomwe lakhazikika kale silingawongoke ndi masewera; likakula kwambiri kapena miyendo ikamafookerabe, pamafunika opaleshoni.