Chamare

Ili ndi dzina la nyumba yosungiramo za makolo pa mishoni ya Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, pamene ansembe a chipani cha White Fathers anamanga msasa wawo m'chaka cha 1902. Popeza lilime la Mchewa siligwirizana ndi mawu othera m'mphuno, anthu a ku Mua, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, pofuna kutchula wansembe wa ku France, Bambo Champmartin, analisema dzinalo monga mmene asemera mpini, kufikira linakwana m'kamwa: Chamare. Patapita zaka, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anakhazikitsa malo a chikhalidwe ndi luso a Kungoni pa mishoniyo mu 1976 nalandira mfunda wa Chisale, anatcha nyumbayo dzina losemedwalo, osati la m'buku la ubatizo. M'zipinda zake zitatu muli mbiri ya mishoniyo ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.