Lamulo la ku Lisboa Limene Linatsala Atsamunda Atapita

Kwa inu atsogoleri a makalasi a kuwerenga ndi kulemba: ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti kumanga mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzace, kapena mkazi ndi mkazi mnzace, ndi lamulo la makolo athu. Tikatsegula mabuku a boma tipeza zina. Cilango cimeneci cinali m'buku la milandu la Apwitikizi la caka ca 1886. Ndime 70 ndi 71 zinapatsa oweruza mphamvu yotsekera anthu ozolowera "zonyansa zotsutsana ndi cilengedwe", ngakhale kuwagwiritsa nchito ya kalavula gaga mpaka zaka 3.

Mu 1975 mbendera inasintha, koma buku lija linatsala. Ku Portugal komweko analeka kulanga anthu otere mu 1982. Ife tinasungabe ndime zao zaka zoposa 30 eni ace atazitaya. Makhoti sanali kuzigwiritsa nchito kwenikweni, inde, koma lamulo logona m'buku limalumabe. Bwana wocotsa munthu nchito, kapena mwini nyumba womuthamangitsa, anali ndi poyambira: "Ngakhale boma likukana."

Lamulo la nchito la 2007 linaletsa kusala wanchito pa cifukwa cimeneci. Mu 2014 mtsogoleri wakale Joaquim Chissano analembera atsogoleri a mu Afrika kalata yowapempha kuleka tsankho lotere. Kumapeto kwa caka comweco Armando Guebuza anasaina buku latsopano la milandu, ndipo mu June 2015 ndime zija zinafa. Kutsidya kwa malire, ku Malaŵi, anthu awiri anaweruzidwa zaka 14 mu 2010, ndipo anatuluka pokhapo Bingu wa Mutharika atawakhululukira.

Tisanamizane, mipingo yathu siinagwirizane pa kamasulidwe ka Malembo pa nkhani iyi, ndipo tsamba lino silithetsa mkanganowo. Koma kusiyana pa ciphunzitso ndi cinthu cina, kumana munthu mpando ndi coko ndi cinanso. Wothamangitsidwa m'kalasi cifukwa ca manong'onong'o a pa citsime sadzawerenga lamulo lomuteteza, ngakhale kalata ya kucipatala. Bungwe la Lambda, loyankhulira anthu amenewa, linapempha boma kuti lililembetse mu 2008. Pofika 2015, ndime zija zikufafanizidwa, linali likudikirabe yankho.