Ndalama za munthu wochotsedwa ntchito: komwe zimachokera ndi chimene chimazichedwetsa

M'Malawi mulibe thumba la boma lolipira munthu mwezi ndi mwezi ntchito ikamuthera. Ku South Africa, komwe achinyamata ambiri a ku Kawale ndi ku Biwi amapita kukasaka moyo, kuli thumba la UIF: wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana nawonjezerapo 1 peresenti, ndipo ntchito ikatha munthu amakatapako. Kuno kwathu chinthu chofananako nacho chidaoneka mu 2021, pa nthawi ya Covid-19, pomwe boma lidapereka K35,000 pamwezi kwa miyezi itatu ku mabanja osankhidwa a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba kudzera pa foni. Koma thandizoli lidali la kanthawi chabe.

Choncho mlonda wa ku Chinsapo, kapena wonyamula mabelo a fodya ku Kanengo amene amagona kwa Mgona, akapatsidwa kalata yomuchotsa ntchito amayang'ana kutatu: kwa bwana, ku penshoni, ndi kukhoti ngati wachotsedwa mopanda chilungamo.

Zoyenera kuchokera kwa bwana

Lamulo la za ntchito la 2000, Employment Act, limati malipiro otsala ndi zina zonse zimene wantchito wagwirira ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi, kapena ndalama ya mweziwo m'malo mwa notisi. Palinso masiku a tchuthi amene sanapume, ndi kalata yotsimikiza kuti anagwirapo ntchito pamalopo.

Ndalama yomwe imakanganitsa anthu kwambiri ndi ya severance. Chisinthireni lamuloli mu 2010, ndalamayi amalandira ndi munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani yachepetsa antchito, yavutika pachuma kapena yasintha kayendetsedwe kake, komanso amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha ntchito, kapena wochotsedwa pa mlandu womveka, alibe gawo. Kawerengedwe kake ndi ka masabata: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira cha 6 kufika cha 10, ndipo masabata anayi kuyambira cha 11. Amene wagwira zaka 12 ndiye kuti ayenera malipiro a masabata 33. Masamu ake ndi osavuta, koma ambiri amasainira envulopu osawerengera, poti landilodi wayamba kale kugogoda.

Antchito a pakhomo, monga amayi a ku Area 23 amene amalawirira kukachapa ndi kuphika ku Area 10 kapena Area 43, sakakamizidwa kukhala pa penshoni. M'malo mwake lamulo limawapatsa gratuity, 5 peresenti ya malipiro a mwezi uliwonse womwe agwira. Vuto lawo ndi umboni. Ntchito adayamba pakamwa, malipiro amalandirira pamanja, ndipo tsiku lodandaula likafika palibe pepala loonetsa kuti adayamba liti.

Penshoni

Kuyambira mu 2011 penshoni ndi yokakamiza: bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Pa lamulo lakale, munthu wochoka ntchito ankadikira miyezi 6 asanaloledwe kutapa gawo limene adasonkha yekha. Lamulo latsopano la 2023 lidatsitsa nthawiyi kufika pa miyezi itatu. Gawo la bwana limatsalabe m'thumba kudikira nthawi yopuma.

Apa m'pamene ambiri amadzidzimuka. Pa peyisilipi pamaoneka kuti ndalama inkadulidwa mwezi uliwonse, koma akafika ku kampani yosunga penshoni amauzidwa kuti bwana sankatumiza. Vutoli ndi lalikulu moti Reserve Bank of Malawi, yomwe gavanala wake ndiye woyang'anira makampani a zachuma ndi penshoni, yakhala ikusindikiza m'nyuzipepala mayina a olemba ntchito amene ali ndi ngongole. Dandaulo lotere limapita kumeneko. Wantchito wochenjera amapempha sitetimenti yake akadali pa ntchito.

Njira ya dandaulo ndi apilo

Khomo loyamba ndi ofesi ya leba ya m'boma. Wodandaula kuti wachotsedwa mopanda chilungamo ayenera kufikako pasanathe miyezi itatu chichotsedwereni. Miyeziyi imatha msanga, makamaka bwana akamanena kuti "mubwere sabata yamawa, akawuntanti kulibe." Wa leba amaitanitsa mbali zonse ziwiri kuti zigwirizane, ndipo akalephera pa mwezi umodzi nkhani itha kupita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Kukhotiko lamulo limakomera wantchito pa mfundo imodzi yaikulu: bwana ndiye ayenera kuonetsa kuti panali chifukwa chomveka komanso kuti munthuyo adapatsidwa mpata wodziteteza. Akalephera, khoti litha kulamula kuti wantchito abwezeredwe pa ntchito kapena apatsidwe chipukuta misozi. Chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira 5, ndipo chimakwera mpaka mwezi wathunthu pa chaka kwa wopitirira zaka 15. Wosowa ndalama ya loya atha kupita ku Legal Aid Bureau kapena ku bungwe lake la antchito. Ogwira m'boma alinso ndi ofesi ya Ombudsman.

Kale mlandu unkafuna kuti pambali pa woweruza pakhale nthumwi ya olemba ntchito ndi ya antchito, ndipo mmodzi akajomba mlandu unkaimitsidwa. Nyumba ya Malamulo idachotsa nthumwizi mu 2021 pofuna kufulumizitsa milandu. Komabe oweruza ndi ochepa poyerekeza ndi mafayilo, ndipo si zachilendo mlandu kutha zaka.

Wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo ku High Court pasanathe masiku 30, koma pa mfundo ya lamulo kapena ya mphamvu za khotilo basi. Umboni sumvedwanso mwatsopano. Kawirikawiri wochita apilo amakhala bwana, yemwe amapemphanso kuti kulipira kuimitsidwe kaye. Iye ali ndi loya ndipo kudikira sikumupweteka. Wantchito ndiye amakhala atalowa kale m'katapila, ana atawatumiza kumudzi, iye akupalasa kabaza ku Area 25. Kwacha nayo siima: idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Makhoti nthawi zina amawonjezera ndalama poganizira kugwaku, koma wodandaula ayenera kupempha ndi kuonetsa chifukwa.

Boma nalo lili ndi mbiri yake pa kuchedwetsa. Gulu la Malawi Young Pioneers lidalandidwa zida ndi asilikali mu December 1993 pa Operation Bwezani, kenako lidathetsedwa. Patapita zaka zoposa 20, ena mwa iwo, imvi zili mbuu, anali akugonabe panja mu Lilongwe pokakamiza boma kuti liwapatse ndalama zawo zopumira.