Neil Gehrels Swift Observatory

Neil Gehrels Swift Observatory, imene anthu ambiri amangoitchula kuti Swift, ndi setilaiti ya bungwe la NASA la ku United States imene ntchito yake ndi kulondera thambo kuti ipeze kuphulika kwadzidzidzi kwa cheza cha gamma-ray ndi cha X-ray. Inaponyedwa m'mlengalenga pa 20 Novembala 2004 kuchokera ku Cape Canaveral, m'chigawo cha Florida, pa roketi ya mtundu wa Delta II. Mayiko a Britain ndi Italy anathandiza nawo pokonza zipangizo zake komanso poiyendetsa. Dzina loti Swift linachokera ku mbalame ina yaliwiro yofanana ndi namzeze, imene imakhota msanga pothamangitsa tizilombo touluka. Mu Januwale 2018 NASA inawonjezerapo dzina la Neil Gehrels, wasayansi amene anatsogolera ntchitoyi mpaka pamene anamwalira mu Febuluwale 2017.

Zimene Swift imasaka

Gamma-ray ndi X-ray ndi mitundu ya kuwala imene maso a munthu sangaone. Mphamvu yake ndi yaikulu kwambiri kuposa ya kuwala wamba, koma mpweya wozungulira dziko lapansi umaitchinga kuti isafike pansi. Pa chifukwa chimenechi, zipangizo zoyezera cheza chochokera kuthambo zimayenera kukwezedwa pamwamba pa mpweyawo.

Chinthu chachikulu chimene Swift inapangidwira ndi kuphulika kumene asayansi amakutchula mwachidule kuti GRB. Kumeneku ndi kung'anima kwa gamma-ray kumene kumabwera mosayembekezereka kuchokera mbali ina iliyonse ya thambo, n'kuzima pakangopita kanthawi. Kwina sikukwana ndi sekondi imodzi yomwe, pamene kwina kumatha mphindi zingapo. Pa kanthawi kameneka, GRB imodzi imatha kutulutsa mphamvu yofanana ndi imene dzuwa lingatulutse pa moyo wake wonse wa zaka pafupifupi 10 biliyoni.

GRB iliyonse imapatsidwa dzina potengera tsiku limene yaonekera, kuyambira ndi chaka, kenako mwezi ndi tsiku. Mwachitsanzo, GRB 080319B inaoneka pa 19 Malichi 2008, ndipo chilembo B chikusonyeza kuti inali yachiwiri kulengezedwa pa tsikulo.

Mbiri ya kulondera thambo

Ma GRB anatulukiridwa mwangozi. Mu 1963 mayiko a United States, Britain ndi Soviet Union anasaina pangano loletsa kuyesa mabomba a nyukiliya m'mwamba, m'madzi ndi m'mlengalenga. Pofuna kuona ngati anzawo akusunga panganolo, asilikali a United States anaponya masetilaiti otchedwa Vela, amene ankatha kumva cheza chotuluka bomba likaphulika. Pa 2 Julayi 1967 masetilaitiwa anamva kung'anima kwa gamma-ray kumene sikunkafanana ndi kwa bomba lililonse. Mu 1973 Ray Klebesadel, Ian Strong ndi Roy Olson a ku Los Alamos anafalitsa zimene anapeza pa ma GRB 16, ndipo anasonyeza kuti sankachokera padziko lapansi kapena ku dzuwa.

Kwa zaka zoposa 20 asayansi ankatsutsana ngati kuphulikaku kumachitikira mu mlalang'amba wathu wa Milky Way kapena kutali kwambiri. Chipangizo cha BATSE, chimene chinali pa setilaiti ya Compton Gamma Ray Observatory kuyambira mu 1991 mpaka mu 2000, chinalemba ma GRB oposa 2,700 ndipo chinasonyeza kuti amwazikana mofanana thambo lonse. Akanakhala a mu Milky Way, bwenzi ambiri ataunjikana m'mzere umene mlalang'ambawu umaonekera usiku. BATSE inasonyezanso kuti ma GRB ali m'magulu awiri: aafupi, amene sapitirira masekondi awiri, ndi aatali, amene amapitirira pamenepo.

Mtsutsowu unatha mu 1997. Pa 28 Febuluwale chaka chimenecho, setilaiti ya BeppoSAX ya mayiko a Italy ndi Netherlands inapeza cheza cha X-ray chikuzilala pamalo pamene GRB inali itangophulika, monga mmene makala amakhalira ofiira malawi atazima. Kuwala kotsalira kumeneku kunathandiza kuti matelesikopu apansi adziwe poyang'ana, ndipo mu Meyi 1997 anayeza mtunda wa GRB ina n'kupeza kuti kuwala kwake kunayenda zaka mabiliyoni ambiri. Vuto linali loti kutembenuza BeppoSAX kuti iyang'ane pamalo ophulikawo kunkatenga maola angapo, ndipo pofika nthawiyo kuwala kwambiri kunkakhala kutazilala. Swift inapangidwa kuti ifupikitse nthawi yodikirayo.

Zipangizo zake

Swift ili ndi zipangizo zitatu zimene zimagwira ntchito mopatsirana.

Choyamba ndi Burst Alert Telescope, mwachidule BAT, ndipo ndicho mlonda weniweni. Chimaona pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a thambo nthawi imodzi. Cheza cha gamma-ray sichingasonkhanitsidwe ndi galasi ngati mmene kamera imachitira ndi kuwala wamba, chifukwa chimangopyola. M'malo mwake, BAT imagwiritsa ntchito mthunzi. Pamwamba pake pali chitsekero chokhala ndi tizidutswa ta mtovu pafupifupi 52,000 toikidwa apa ndi apo, moti theka la malowo ndi lotseka ndipo theka lina ndi lotseguka. Pafupifupi mita imodzi pansi pake pali tizipangizo 32,768 tomva cheza. Cheza chikabwera, tizidutswa ta mtovu tija timachititsa mthunzi pa tizipangizoto, ndipo kompyuta imawerengera kumene chezacho chachokera poona mmene mthunziwo wagwera. N'chimodzimodzi ndi munthu amene amadziwa pamene dzuwa lili pongoyang'ana mthunzi wa mtengo. Pa masekondi ochepa, BAT imaloza kadera ka thambo kamene kukula kwake ndi kochepa kwambiri poyerekeza ndi mmene mwezi wathunthu umaonekera.

Chachiwiri ndi X-ray Telescope, mwachidule XRT. Chimaona kachigawo kakang'ono ka thambo koma molondola kwambiri kuposa BAT, ndipo chimayeza mmene cheza cha X-ray chikuzilalira kwa maola, masiku ngakhale milungu.

Chachitatu ndi Ultraviolet/Optical Telescope, mwachidule UVOT, telesikopu ya galasi lotambalala masentimita 30. Imajambula kuwala kooneka ndi maso komanso kwa ultraviolet, ndipo ndi imene imaloza malo molondola kuposa zonse zitatu.

Mmene chenjezo limayendera

Chimene chinasiyanitsa Swift ndi masetilaiti akale n'chakuti imatembenuka yokha popanda kudikira lamulo lochokera pansi. BAT ikangopeza kuphulika, kompyuta ya m'setilaitimo imaona ngati n'zotheka kutembenukira kumeneko popanda kuyang'anitsa matelesikopu ake ku dzuwa, ku mwezi kapena ku dziko lapansi. Ngati n'zotheka, setilaiti yonse imatembenuka, ndipo kawirikawiri pamangotha mphindi imodzi kapena ziwiri kuti XRT ndi UVOT ziyambe kujambula.

Pa nthawi yomweyo, uthenga wa malo a kuphulikako umatumizidwa pansi kudzera m'masetilaiti a NASA otumizira mauthenga, n'kulowa mu GCN, njira yofalitsira machenjezo imene inayambira ku Goddard Space Flight Center m'zaka za m'ma 1990. GCN imamwaza uthengawo pa intaneti kwa akatswiri a zakuthambo padziko lonse. Matelesikopu ena ang'onoang'ono amalandira uthengawo okha n'kutembenuka popanda munthu kuwakhudza. Matelesikopu akuluakulu, monga a ku Chile ndi ku Hawaii, amasiya ntchito imene anali nayo kuti ayeze mtunda wa kuphulikako kuwala kusanazime. Amene aonapo kanthu amalemba malipoti afupiafupi pa GCN pomwepo kuti anzawo a mbali ina ya dziko, kumene kukuyamba kuda, apitirize.

Likulu loyendetsera Swift lili ku Pennsylvania State University. Mbali yaikulu ya zimene setilaitiyi imajambula imatsitsidwira pa siteshoni ya ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja ku Kenya, imene imayendetsedwa ndi bungwe la Italy loona za m'mlengalenga. Njira imene Swift imayenda pozungulira dziko siitalikirana kwambiri ndi equator, choncho siteshoni ya pafupi ndi equator imatha kulumikizana nayo kangapo patsiku. Ku Africa kulinso matelesikopu amene amatsatira machenjezo amenewa. Mwachitsanzo, matelesikopu a H.E.S.S. a ku Namibia anayeza cheza champhamvu kwambiri chochokera ku GRB 190829A, imene Swift ndi setilaiti ya Fermi zinali zitaipeza.

Zimene yatulukira

Kwa zaka zambiri Swift inkapeza ma GRB pafupifupi 90 kapena 100 pachaka, ndipo mu Okutobala 2015 inakwanitsa 1,000.

Swift isanapite m'mlengalenga, zinali zitadziwika kale kuti ma GRB aatali amachitika nyenyezi yaikulu kwambiri ikamafa. Pakati pake pamatitimira n'kukhala black hole, malo amene mphamvu yake yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikutulukamo, ndipo zinthu zina zimafwamphuka m'mizere iwiri yopyapyala pa liwiro loyandikira la kuwala. GRB imaoneka pamene umodzi mwa mizereyo waloza ku dziko lapansi. Koma gwero la ma GRB aafupi silinkadziwika, chifukwa ankazima asanalozedwe. Pa 9 Meyi 2005 Swift inapeza kwa nthawi yoyamba kuwala kotsalira kwa GRB yaifupi, pafupi ndi mlalang'amba wa nyenyezi zakale. Zimenezi zinagwirizana ndi ganizo loti ma GRB aafupi amachitika nyenyezi ziwiri za mtundu wa neutron star zikawombana. Neutron star ndi chotsalira cha nyenyezi yaikulu imene inaphulika, cholemera kuposa dzuwa koma chotambalala makilomita pafupifupi 20 okha.

Ganizoli linatsimikizika pa 17 Ogasiti 2017, pamene zipangizo za LIGO ndi Virgo zinamva mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku kuwombana kotere mu mlalang'amba wa NGC 4993, ndipo pasanathe masekondi awiri masetilaiti a Fermi ndi INTEGRAL anaona GRB yaifupi. Pa nthawiyo dziko lapansi linali litatchinga BAT, koma patapita maola angapo UVOT inajambula kuwala kwa ultraviolet kochokera pamalopo. Kuwombana kwa mtundu umenewu ndi njira imodzi imene zitsulo zolemera monga golide zimapangikira.

GRB 080319B inawala kwambiri moti kwa masekondi pafupifupi 30 munthu wokhala pamalo amdima akanatha kuiona ndi maso, ngakhale kuti kuwala kwake kunali kutayenda zaka pafupifupi 7.5 biliyoni. GRB 090423 inachokera ku nyenyezi imene inafa chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 630 miliyoni zokha, ndipo pa nthawiyo inali chinthu chakutali kwambiri chimene mtunda wake unayezedwa. Pa 9 Okutobala 2022 kunaoneka GRB 221009A, yowala kwambiri kuposa ina iliyonse imene inalembedwapo. Inachititsa khungu zipangizo za masetilaiti angapo kwa kanthawi, ndipo inasokoneza ngakhale mpweya wa pamwamba penipeni pa dziko lapansi.

Kupatula ma GRB, BAT imayang'ana gawo lalikulu la thambo tsiku lililonse pamene setilaitiyi ikuzungulira dziko, ndipo imalemba mmene zinthu mazanamazana zotulutsa X-ray zikuwalira. Zambiri mwa izo ndi nyenyezi ziwiri zozungulirana, imodzi ili black hole kapena neutron star imene imayamwa mpweya wa inzake. Zimatha kukhala chete kwa zaka zambiri kenako n'kuyaka mwadzidzidzi. Pa 15 Juni 2015 Swift inapeza kuti V404 Cygni, imene ili ndi black hole ndipo ili mu Milky Way, yayakanso kwa nthawi yoyamba chiyambire 1989. Pa 28 Malichi 2011 inapeza Swift J1644+57, cheza chochokera ku nyenyezi imene inang'ambidwa ndi black hole yaikulu ya pakati pa mlalang'amba wakutali. Mu Januwale 2008, pamene XRT inkayang'ana mlalang'amba wa NGC 2770 pa chifukwa china, inajambula kung'anima kwa X-ray pa mphindi zenizeni zimene nyenyezi ina inayamba kuphulika. Kuphulikako kunatchedwa SN 2008D.

Malire ake ndi tsogolo lake

Popeza BAT imaona gawo limodzi lokha la thambo nthawi imodzi, kuphulika kwambiri kumaidutsa. N'chifukwa chake ntchito yolondera thambo imagwiridwa ndi masetilaiti angapo mothandizana. Fermi, imene inaponyedwa mu 2008, imaona thambo lalikulu koma siiloza malo molondola ngati Swift. Chipangizo cha MAXI cha dziko la Japan chakhala pa International Space Station kuyambira mu 2009. Mu 2024 dziko la China linaponya Einstein Probe, komanso SVOM imene linapanga mogwirizana ndi France.

Swift inakonzedwa kuti igwire ntchito zaka ziwiri, koma inapitirira zaka 20. Inayamba kuzungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo ilibe injini yodzikwezera. Mpweya wochepa umene uli pamtunda umenewo umaichedwetsa pang'onopang'ono, makamaka m'zaka zimene dzuwa likutulutsa mphamvu zambiri n'kufufumitsa mpweya wa pamwamba. Chifukwa cha zimenezi setilaitiyi inatsika kwambiri, moti inali pa chiopsezo chogwera mu mpweya wokhuthala n'kupsa. Mu Seputembala 2025 NASA inapatsa kampani ya Katalyst Space Technologies ntchito yokonza chombo chopanda anthu choti chikagwire Swift n'kuikankhira m'mwamba, ngakhale kuti setilaitiyi sinapangidwe m'njira yoti chombo china chizitha kuigwira.