Mmene Setilaiti Imatsatira Mafuta Otayika pa Nyanja

Mafuta akatayika pa nyanja yamcere amayandama n'kumapita kumene mphepo ikuwakankhira. Komanso madzi a m'nyanjamo amayenda ngati mitsinje ikuluikulu yopanda magombe, ndipo amatenga mafutawo. Kuti anthu adziwe gombe loyamba kuteteza, amadalira zithunzi za setilaiti, makina ozungulira dziko kumwambaku.

Pa 25 Julho 2020 sitima ya MV Wakashio inagunda matanthwe a m'madzi pafupi ndi Pointe d'Esny, pa cilumba ca Mauritius, kum'mawa kwa Madagascar. Mu Agosto inang'ambika, matani pafupifupi 1,000 a mafuta n'kutayika. Zithunzi za setilaiti zinaonetsa mafutawo akufalikira ca ku gombe la Mahébourg.

Setilaiti zina, monga Sentinel-1 ya ku Europe, sizijambula ngati foni ayi. Zimagwiritsa nchito radar: zimatumiza mphamvu pansi n'kudikira kuti ibwerere, ngati mmene mleme umacitira ndi mawu ake usiku. Madzi okhala ndi timafunde amabweza mphamvu yambiri. Mafuta amasalaza timafundeto, conco pamalopo pamaoneka banga lakuda. Cokoma n'cakuti radar imaona usiku, mitambo siitchinga.

Koma banga lakuda limapusitsa! Mphepo ikaleka, madzi abata amadanso cimodzimodzi. N'cifukwa cake akatswiri amayerekeza zithunzi za masiku otsatizana, n'kuyezanso mphepo ndi kayendedwe ka madzi. Mphepo payokha imakankha mafuta pa liwiro la pafupifupi 3 pa 100 ya liwiro lake. Kwinako ndi madzi amene amawanyamula.